Ofufuza achinyamata ndi atolankhani: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa ophunzira a masitazi ndi PhD, komanso kwa amene angoyamba kumene ntchito ya kafukufuku m'mayunivesite, m'zipatala ndi m'malo ofufuzira za ulimi kuno ku Malawi. Tayamba ndi osavuta, ozama ali kumunsi.

Ndangoyamba kumene kafukufuku. Kodi kulankhula ndi atolankhani si ntchito ya mapulofesa?

Ayi. Pulofesa amadziwa mutu ndi mchira wa kafukufuku yense, koma amene anakhala miyezi pachipatala cha kumudzi akulemba mayankho a odwala, kapena amene anayenda m'minda kuwerenga ntchemberezandonda pa chimanga, nthawi zambiri ndi inuyo. Mtolankhani amafuna munthu amene anaona ndi maso ake ndipo angafotokoze mmene zinalili.

Pali chifukwa china chachikulu. Mayi amene analola mwana wake kutengedwa magazi, kapena mlimi amene anapereka mizere ya munda wake kuti muyeserepo mbewu, sadzawerenga magazini ya sayansi yosindikizidwa ku London. Wailesi ndiyo idzamufikire. Zotsatira zikathera m'magazini basi, ndiye kuti eni ake enieni sanauzidwe.

Ndiyenera kupempha chilolezo kwa ndani ndisanalankhule?

Yambani ndi amene akukuyang'anirani kapena mkulu wa kafukufukuyo. Kenako dziwitsani ofesi yofalitsa nkhani pa malo anu. Mayunivesite monga KUHeS, LUANAR, MUST, MUBAS, Mzuni ndi UNIMA ali ndi anthu ogwira ntchito imeneyi, ndipo ambiri a iwo anagwirapo utolankhani, kotero amadziwa amene akukufunsaniyo komanso nyumba imene akuchokera.

Ngati mumagwira ntchito m'boma, monga ku malo ofufuzira za ulimi a Chitedze ndi Bvumbwe kapena pachipatala cha boma, samalani kwambiri: unduna uli ndi mneneri wake, ndipo kulankhula m'dzina la unduna popanda kutumidwa kungakupalamulitseni. Onaninso mgwirizano umene munasainirana ndi opereka ndalama komanso anzanu a kunja. Migwirizano ina imanena kuti zotsatira zilengezedwe tsiku limodzi ndi mbali zonse.

Funsani zimenezi lero, mtolankhani asanaimbe. Akaimba amakhala ndi maola ochepa, ndipo simungayambe nthawi imeneyo kusakasaka wopereka chilolezo.

Mtolankhani wandiimbira mwadzidzidzi. Ndiyankhe pomwepo?

Musayankhe pomwepo, komanso musamuthawe. Mulandireni bwino, kenako mufunseni izi: dzina lake ndi nyumba youlutsa nkhani imene akugwirira, nkhaniyo ikukhudza chiyani, walankhula kale ndi ndani, akufuna mawu ojambulidwa kapena olembedwa, zidzaulutsidwa pompopompo kapena adzazikonza kaye, ndipo akufuna yankho pofika nthawi yanji. Mukatero muuzeni kuti mumuimbira pakatha mphindi 30 kapena ola limodzi. Nthawi imene mwanenayo musaiphonye.

Ambiri amalakwitsa apa poganiza kuti mtolankhani adikira mpaka mawa. Nyuzipepala ya tsiku ndi tsiku imatseka masamba ake madzulo omwewo, ndipo wailesi imafuna mawu nkhani za masana kapena za madzulo zisanayambe. Mukachedwa, nkhaniyo ituluka ndithu, koma ndi mawu a munthu wina amene mwina sakuidziwa bwino ngati inu.

Atolankhani ambiri masiku ano amatumiza mafunso pa WhatsApp kapena pa imelo. Kwa woyamba kumene, njira imeneyi ndi yabwino: mumakhala ndi mpata woganiza, ndipo mumasunga umboni wa zimene munanena. Akapempha uthenga wa mawu, jambulirani pamalo opanda phokoso, foni italikireko pang'ono ndi pakamwa, ndipo mumvetsere musanatumize.

Ndikonzekere bwanji?

Tengani pepala limodzi. Pamwamba lembani chiganizo chimodzi chimene mukufuna kuti womvera akumbukire ngakhale ataiwala zina zonse. Pansi pake lembani mfundo ziwiri kapena zitatu zochirikiza, chitsanzo chimodzi chooneka ndi maso, nambala imodzi kapena ziwiri, ndi malire a kafukufuku wanu: munafufuza kuti, pa anthu angati, ndipo ndi chiyani chimene zotsatirazo sizikunena.

Kumapeto kwa pepalalo lembani mafunso atatu amene mukuopa kufunsidwa. Nthawi zambiri amakhala awa: ndalama anapereka ndani, mwapeza zimenezi ndiye zisintha chiyani, nanga boma likulakwitsa? Konzani mayankho ake.

Mukatero yeserani mokweza mawu pamaso pa munthu amene si wasayansi, kaya mlongo wanu kaya mlonda wa pa ofesi, ndipo mumupemphe abwereze zimene wamva. Zimene wabwerezazo ndi zimene omvera adzamve. Ngati zasiyana ndi zimene mumatanthauza, konzani chiganizocho.

Kumbukirani kuti mtolankhani amasanja nkhani mosiyana ndi mmene mumalembera pepala la sayansi. Inu mumayamba ndi mbiri, njira, zotsatira, n'kumaliza ndi tanthauzo lake. Iye amayamba ndi tanthauzolo. Akakufunsani kuti mwapeza chiyani, nenani chimene mwapeza, osati mmene munasankhira midzi.

Kodi wailesi, kanema ndi nyuzipepala zimasiyana bwanji?

Pa nkhani za pa wailesi, mawu anu amadulidwa n'kutsala masekondi 15 mpaka 30. Zimenezi ndi ziganizo ziwiri kapena zitatu. Choncho yankho lililonse likhale loima palokha, lomveka ngakhale funso lake atalichotsa. Musanene kuti "monga ndanena kale," chifukwa zimene munanena kalezo mwina sizidzaulutsidwa. Pulogalamu yoimba mafoni ndi ina: imatenga mphindi 30 kapena ola, mafunso amachokera kulikonse, ndipo ena amakhala a matenda a woimbayo. Musapime munthu pa wailesi. Muuzeni apite kuchipatala kapena akaonane ndi mlangizi wa m'dera lake.

Musadere mawailesi a m'madera, monga Dzimwe ku Mangochi, Mudzi Wathu ku Mchinji kapena ya ku Nkhotakota. Ngati munafufuza m'boma limenelo, wailesi imeneyo ndiyo imamvedwa ndi anthu amene munawafunsa mafunso, ndipo kawirikawiri amakupatsani nthawi yokwanira yofotokoza. Kwa woyamba kumene, ndi malo abwinonso ophunzirirapo musanapite ku MBC, Zodiak kapena Times.

Pa kanema, yang'anani wofunsayo osati kamera, ndipo pewani malaya a timizere ting'onoting'ono chifukwa amathwanima pa sikirini. Akajambula mu labu, onetsetsani kuti pa mabotolo, pa mafayilo ndi pa kompyuta sipakuoneka dzina la wodwala.

Wa nyuzipepala angacheze nanu mphindi 20 n'kugwiritsa ntchito ziganizo ziwiri. Si chipongwe, ndi mmene ntchito yake ilili. Mutumizireni dzina lanu, udindo wanu ndi manambala onse molemba, kuti asalakwitse pokopera.

Mawu a sayansi ndiwanene bwanji m'Chichewa?

Musamasulire liwu ndi liwu. Fotokozani chimene chimachitika. M'malo mofunafuna liwu limodzi la tizilombo tosamva mankhwala, nenani kuti mankhwala amene kale ankapha tizilomboti tsopano sakutipha, ndiye wodwala amamwa koma osachira. Ngati anthu anagawidwa m'magulu mosasankha, nenani kuti anagawidwa mwa maere, ndipo palibe dokotala kapena wodwala amene anasankha gulu.

Mawu ena ndi oopsa chifukwa womvera amawamva mwina. Mukanena pa wailesi kuti munthu "ali ndi kachilombo," ambiri amva HIV ngakhale mukunena za kachilombo ka chimfine, choncho tchulani dzina la matendawo nthawi zonse. "Malungo" kwa anthu ambiri ndi kutentha thupi kulikonse, ndiye ngati mukunena malungo otsimikizika poyeza magazi, nenani choncho. "Kuyesa mankhwala" kumamveka ngati kuyesera pa anthu osadziwa kanthu, pokhapokha mutafotokoza kuti analoleza ndani komanso kuti olowa nawo anavomera okha. Ndipo kuchiza, kuteteza ndi kuchepetsa ndi zinthu zitatu zosiyana. Mukasokoneza mawu amenewa, munthu angasiye mankhwala ake.

Funsani anamwino, alangizi a zaumoyo ndi alangizi a zaulimi mawu amene amagwiritsa ntchito. Amalankhula ndi anthu tsiku lililonse ndipo anapeza kale njira zofotokozera zimene inu mukuvutika nazo. Ngati dera lanu limalankhula Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena ndipo inu simuchidziwa bwino, pitani ndi mnzanu wa m'gulu la kafukufuku amene amachilankhula.

Nanga manambala?

Apa ndi pamene nkhani zambiri za sayansi zimapotoka, ndiye tichedwepo.

Choyamba, chepetsani. Nambala imodzi kapena ziwiri pa kucheza kumodzi ndi zokwanira. Fupikitsani: 24.7 peresenti inenedwe kuti munthu mmodzi mwa anayi alionse.

Chachiwiri, fotokozani kuti peresenti yake ndi ya chiyani. Tengani chitsanzo cha katemera wa taifodi amene anayesedwa pa ana oposa 28,000 ku Ndirande ndi Zingwangwa mu mzinda wa Blantyre. Zotsatira zinaonetsa chitetezo cha pafupifupi 80 peresenti. Womvera angaganize kuti mwa ana 100 obayidwa, 20 adzadwala taifodi. Sizikutanthauza zimenezo. Tanthauzo lake ndi lakuti pamene m'gulu la ana osalandira katemerayu munadwala ana 10, m'gulu lofanana nalo kukula la ana olandira munadwala awiri okha. Kufotokoza kotereku kumatenga masekondi khumi, ndipo ndi kumene kholo lingamve.

Chachitatu, nenani zoyenera kuchita pamene chitetezo si chathunthu. Katemera wa malungo wa RTS,S, amene Malawi inayamba kupereka mu April 2019, Ghana ndi Kenya n'kutsatira chaka chomwecho, anaonetsa m'kafukufuku kuti amachepetsa kudwala malungo pafupifupi kanayi mwa kakhumi kalikonse pa zaka zinayi. Wofufuza amene angonena kuti "katemera wa malungo wabwera" osawonjezera kuti mwana azigonabe m'neti, wasiya theka la uthenga.

Chachinayi, mawu oti "chiopsezo chawirikiza kawiri" asayende okha. Kuchoka pa mmodzi kufika pa awiri mwa anthu 10,000 ndi kuwirikiza kawiri, kuchoka pa 20 kufika pa 40 mwa anthu 100 ndi kuwirikizanso kawiri. Nenani manambala onse awiri.

Pomaliza, ngati munaona kuti zinthu ziwiri zimapezeka pamodzi, musanene kuti china chimayambitsa chinzake pokhapokha kafukufuku wanu anakonzedwa moti angatsimikize zimenezo. Mtolankhani adzafuna liwu loti "chimayambitsa" chifukwa limakoma pa mutu wa nkhani. Muuzeni momveka kuti simunanene choncho, ndipo mumufotokozere chifukwa chake.

Zotsatira zanga sizinatuluke m'magazini. Ndingazinene?

Mungafotokoze funso limene mukufufuza, chifukwa chake ndi lofunika, ndi mmene mukufufuzira. Zotsatira zenizeni zidikire. Manambala amasintha akatswiri ena akaunika pepala lanu, ndipo magazini ambiri, makamaka a zachipatala, safuna kusindikiza zimene zalengezedwa kale kwa atolankhani.

Pepala likavomerezedwa, magazini ena amaika embargo, kutanthauza tsiku ndi ola limene nkhani iyenera kuyamba kuulutsidwa. Nthawiyo isanakwane mungacheze ndi mtolankhani amene wavomera kusunga panganolo, kuti akonzeretu nkhani yake. Lembani tsiku ndi ola pamwamba pa chilichonse chimene mwamutumizira, m'nthawi ya kuno, chifukwa magazini amatchula nthawi ya ku London kapena New York. Musaganize kuti mtolankhani aliyense amadziwa lamuloli. Mufunseni, ndipo avomere molemba.

Ngati pepala lanu lili pa masamba a pa intaneti oikapo mapepala asanaunikidwe, monga medRxiv kapena bioRxiv, aliyense angaliwerenge, kotero mungafunsidwe za ilo. Nenani poyambirira kuti akatswiri ena sanaliunike, ndipo pemphani kuti mawu amenewo alowe m'nkhaniyo.

Kodi ndinganene zina off the record?

Kwa woyamba kumene, langizo lathu ndi lakuti musatero. Anthu amamva mawuwa mosiyanasiyana: wina amati nkhaniyo isatuluke n'komwe, wina amati ituluke koma popanda dzina lanu. M'gawo limene akatswiri ake ndi owerengeka, "wofufuza wina amene sanafune kutchulidwa" amadziwika ndi aliyense. Pangano lotere limagwira ntchito ngati mwagwirizana musanalankhule, osati mutalankhula kale. Tengani kuti chilichonse chimene mwanena, ngakhale pomuperekeza mtolankhani ku geti, chingatuluke.

Ndingapemphe kuona nkhaniyo isanatuluke?

Nkhani yonse ayi. Atolankhani ambiri sadzalola, ndipo ali ndi chifukwa chomveka: akalola inu, ayenera kulolanso nduna imene akuifufuza. Chimene mungapemphe ndi chakuti akuwerengereni mawu anu ndi manambala anu. Nenani kuti muli pa foni mpaka madzulo ngati pali chofuna kutsimikiza. Ambiri amayamikira zimenezi.

Nkhani yatuluka koma alakwitsa. Ndichite chiyani?

Yambani mwasiyanitsa. Ngati afupikitsa, asiya dzina la mnzanu, kapena agwiritsa ntchito mawu osavuta kuposa anu, zisiyeni. Ngati alakwitsa nambala, akuikani mawu m'kamwa, kapena alemba zimene zingavulaze munthu, monga kunena kuti chomera china chimachiza shuga pamene inu munangochiyesa pa makoswe, chitanipo kanthu tsiku lomwelo.

Imbirani mtolankhaniyo mwaulemu, musanalembe chilichonse pa Facebook. Mutumizireni chiganizo cholakwikacho, cholondola chake, ndi umboni. Dziwani kuti mutu wa nkhani nthawi zambiri amalemba ndi mkonzi, osati amene munacheza naye. Zikakanika, lemberani mkonzi kudzera ku ofesi yanu yofalitsa nkhani. Pemphani kuti akonzenso nkhani ya pa intaneti, chifukwa imeneyo ndiyo imakhalitsa ndipo ena amakopera pamenepo. Zikavutabe, madandaulo otere amapita ku Media Council of Malawi.

Mtolankhani akufuna kucheza ndi wodwala kapena mlimi wa m'kafukufuku wanga. Ndimupatse nambala?

Ayi. Chilolezo chimene munthu anapereka polowa m'kafukufuku si chilolezo choonekera pa kanema. Onani zimene ndondomeko yanu imanena, ndipo ngati sinanenepo, funsani komiti imene inavomereza kafukufukuyo, monga NHSRC kapena COMREC. Ikaloleza, wina wa m'gulu lanu akafunse munthuyo payekha, mtolankhani palibe, n'kumufotokozera kuti nkhope yake idzaonedwa ndi aneba, apongozi ndi abwana ake, komanso kuti akakana sataya thandizo lililonse. Chilolezo chikhale cholembedwa. Kwa ana, avomereze ndi makolo. Pa matenda amene anthu amasalidwa nawo, kumbukirani kuti kubisa nkhope sikokwanira: chitenje, khonde la nyumba kapena mawu zimamuulula munthu m'mudzi mwake.

Nanga za chipondamthengo?

Funso ili limabwera nthawi zonse. Ngati mwaitana atolankhani ku malo akutali, bungwe lanu lingapereke galimoto kapena kubweza ndalama yoyendera, motsatira mitengo yolembedwa komanso mosainira. Zimenezi zidutse ku ofesi, osati m'thumba lanu. Kupereka ndalama kuti nkhani ituluke, kapena kuti ituluke mokomera inu, ndi kugula nkhani, ndipo malamulo a utolankhani amaletsa. Ngati mukufuna malo otsimikizika m'nyuzipepala kapena nthawi pa wailesi, gulani poyera ndipo zilembedwe kuti ndi zolipiridwa. Ndalama zimenezi muziike m'bajeti polemba pempho la kafukufuku, pamodzi ndi zomasulira ndi zobwerera kumudzi kukanena zotsatira.

Andifunsa zimene si za gawo langa, kapena akufuna ndidzudzule boma. Ndiyankhe bwanji?

Pa zimene simukudziwa, nenani kuti si gawo lanu, ndipo tchulani munthu kapena dipatimenti imene ingayankhe. Mtolankhani amene mwamuthandiza kupeza katswiri woyenera adzabweranso kwa inu. Pewani kungoti "ndilibe ndemanga," chifukwa zimamveka ngati mukubisa kanthu.

Pa ndondomeko za boma, nenani zimene umboni ukuonetsa, ngakhale zitakhala zosakomera wina. Ngati kafukufuku wanu wapeza kuti mankhwala amasowa m'zipatala zimene munayendera, imeneyo ndi nkhani yoona ndipo muinene. Koma funso loti wolakwa ndani lingakhale kunja kwa zimene munayeza. Mukapereka maganizo anu, nenani kuti ndi maganizo anu, osati a yunivesite kapena zotsatira za kafukufuku.

M'dera limene ndikufufuza mwabuka mphekesera. Ndithamangire ku wailesi?

Musayambire ku wailesi. Mphekesera za anamapopa za mu 2017, zimene zinayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo ndi madera ena, zinaphetsa anthu ndipo zinaimitsa ntchito za mabungwe. Aliyense wotenga magazi kapena woyenda ndi zida zachilendo ayenera kuzitenga nkhani zotere mozama. Dziwitsani mkulu wa kafukufuku tsiku lomwelo, imitsani maulendo ngati pali chiopsezo, ndipo pitani kwa mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, komiti ya zaumoyo ndi ofesi ya DC. Wailesi ibwere pambuyo, ndipo ndi bwino kuti mulankhule pamodzi ndi munthu amene dera limamukhulupirira.

Polankhula, musanyoze amene akukhulupirira mphekeserayo, ndipo musaibwerezebwereze. Nenani zoona zake mwatsatanetsatane: magazi otengedwa ndi ochuluka bwanji powayerekeza ndi supuni ya tiyi, amapita ku labu iti, amayezedwa chiyani, otsala amatani, ndipo amene ali ndi funso apite kwa ndani.

Palibe mtolankhani amene wandifunapo. Ndingayambe ndekha?

Inde. Werengani ndi kumvera kwa mwezi umodzi, n'kulemba maina a atolankhani amene amalemba bwino za umoyo, ulimi kapena chilengedwe. Sankhani mmodzi ndipo mumulembere uthenga wa ziganizo zisanu: mwapeza chiyani, chikukhudza ndani, chifukwa chiyani ndi nkhani ya panopa, angajambule kapena kuona chiyani, ndi nambala yanu. Nthawi imathandiza: nkhani ya kolera imamveka mvula ikamayandikira, ya kusunga chimanga nthawi yokolola, ya chifuwa chachikulu pafupi ndi pa 24 March, ya malungo pafupi ndi pa 25 April, masiku okumbukira matendawa pa dziko lonse.

Chikalata cha kwa atolankhani chisapitirire tsamba limodzi, mawu 300 mpaka 400, chotsatira chachikulu chili m'ndime yoyamba. Konzaninso cha m'Chichewa, kuti mawailesi ndi masamba a Chichewa a m'nyuzipepala asavutike kumasulira okha mawu amene tawatchula pa funso la chinenero lija.

Mungathenso kulemba nokha. Nyuzipepala zimalandira nkhani za maganizo za mawu 600 mpaka 800. The Conversation Africa imasindikiza zolemba za ofufuza a m'mayunivesite ndi m'mabungwe a kafukufuku. Salipira, koma mumagwira ntchito ndi mkonzi, mumavomereza nkhaniyo isanatuluke, ndipo nyumba zina zimaloledwa kuisindikizanso. Pa Facebook, X kapena LinkedIn, malamulo ndi omwewa: chilolezo, embargo ndi chinsinsi cha olowa m'kafukufuku. Atolankhani amatenga mawu pa masamba amenewa osakufunsani, ndipo uthenga wa m'gulu la WhatsApp umajambulidwa n'kutumizidwa kwina. Sungani mndandanda wa nkhani zonse zimene mwaonekeramo, ndi tsiku komanso nyumba yake, chifukwa opereka ndalama ambiri amafunsa zimenezi m'malipoti ndi m'mapempho atsopano.